Anauza Galu Kuti Nyumba Ikupsa

Sukulu ya ku mishoni ndinaisiya chaka chathachi. Aphunzitsi amati ndinathawa masamu, koma zoona zake n'zakuti ndinamaliza zonse zimene iwo amadziwa, ndiye ndikanakhalabe bwenzi akuchita manyazi. Chimene ndinatulukako nacho ndi kulemba kumeneku, ndi pakamwa pamene amayi amati tsiku lina padzandigwetsera denga. Denga linatsaladi pang'ono kugwa, koma pakamwa panga ndi pamene panalipulumutsa.

Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje, kufupi ndi Likhubula. Makolo anga anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza ine ndili kumsana, ndipo mpaka lero amayi akakwiya amasiya Chimang'anja n'kuyamba Chilomwe, nkhuku zonse n'kulowa m'khola zokha.

Mnyamata amene anandifunsira ndi wocheka matabwa a mkungudza pamwamba pa phiri. Amatsika ndi thabwa pamutu, lalitali kuchokera pano mpaka ku Chitakale, osapuma n'komwe. Munthu wamphamvu choncho, koma ulemu wake ndi matenda. Kwathu kuno mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake aakazi, salankhula nawo, sakhala nawo pansi pa denga limodzi. Akamwini ena amangopatuka panjira n'kuyang'ana kumbali, basi. Wanga ayi. Tsiku lina anakumana ndi amayi panjira ya kumtsinje, iye n'kudziponya m'chitedze, n'kumakanda thupi mpaka mwezi unatha. Amayinso ndi chimodzimodzi. Akangomva kutsokomola kwake, nsalu ili kumaso.

Mwini mbumba kwathu ndi atsibweni, alongo awo a amayi. Iwo anati ukwati wathu ukadalitsidwa kutchalitchi chaka chatsopano chikangolowa, pokhapokha mkamwini atamanga nyumba pakhomo pathu, yofoleredwa bwino, amayi n'kuiona pa tsiku la Khirisimasi n'kuivomera. Zikakanika, tidikire chaka china. Ndipo ankanena zimenezi akuyang'ana cha kumunda wa tiyi, kumene kuli kapitawo wina wa mano awiri amene ankawatumizira fodya n'kumafunsa za ine.

Nyumbayo anaimanga. Udzu anamweta womaliza weniweni, osaka mbewa atatsala pang'ono kutentha tchire. Wotsalawo utapsa, m'dziko lonse la Mulanje munalibe udzu wokwana ngakhale chisa cha mpheta. Ndiye aliyense ankadziwa kuti denga limenelo likangowonongeka, palibe chofolera mpaka udzu wina ukhwime.

Vuto linabwera ndi chikondi. Khirisimasi ya chaka chinacho, mnyamata wangayu atakatula matabwa kunyumba ya bwana wa munda wa tiyi, anasuzumira pazenera n'kuona mtengo uli chilili m'nyumba, makandulo akuyaka panthambi zake, bwana atagwira dona dzanja. Iye anaganiza kuti umu ndi mmene azungu amauzira mkazi kuti amamukonda, ndipo anandinong'oneza kuti nanenso andichitira. Ndinavomera asanamalize kulankhula. Nanga m'mudzi muno ndi mtsikana uti anaimikiridwapo mtengo m'nyumba? Chimene sanachione pazenerapo n'chakuti denga la bwana ndi lamalata, lili kumwamba kufupi ndi mitambo, ndipo kuseri kwa chitseko kumaima munthu ndi ndowa ya madzi. Izi anadzatiuza pambuyo pake ndi wophika wa kumeneko, yemweyo amene anamupatsa tizidutswa ta makandulo.

Nthambi ya mkungudza anatsika nayo kukadali masiku, n'kuibisa m'nyumbamo, ikuuma. Amene anasonkhapo moto ndi mkungudza akudziwa. Nkhuni imeneyo imayaka ukangotchula dzina la moto ili pafupi.

Pa Khirisimasi tinapita kutchalitchi m'mawa, tinaimba mpaka phiri linayankha. Mvula inali itadula, dzuwa likuswa mutu. Titaweruka, abale onse anakasonkhana pansi pa mkuyu kwa atsibweni, patali ndithu ndi nyumba yatsopanoyo, ng'oma n'kuyamba. Mnyamata wanga anatsogola. Anaimika nthambi ija mumphika wa mchenga pakati pa nyumba, nsonga yake itatsala pang'ono kugunda denga, anamata makandulo panthambi, anayatsa, n'kutuluka msanga poti amayi anali akubwera. Anagwada pambali pa khomo atatembenukira kunkhokwe. Ine amayi anali atandituma kukatenga mtsuko wa thobwa.

Zimene zinachitika ndili kumtsuko ndinazimva kwa onse awiri, aliyense payekha. Amayi analowa okha, galu wathu wofiira n'kugona pakhomo. Mtengowo anangouyang'ana kamodzi n'kuganiza kuti ndi za kumishoni, za ana a masiku ano. Iwo anabwera kudzaona ngati pansi pazilidwa bwino ndiponso ngati khoma lili ndi ming'alu. Anakagwada kuseri kwenikweni, kutali ndi khomo, akugogoda khoma ndi chala.

Kandulo ina inapendekeka, nthambi n'kugwira. Mkamwini anamva kuthetheka, anaponya diso mwakuba, n'kuona lawi likukwera. Munthu wina aliyense akanakuwa. Iye anayamba kuganiza. Kulowa sangalowe, muli apongozi. Kuitana sangaitane, ndi apongozi. Kudzuka n'kuthamanga, apongozi akadali m'nyumba mwako, ndi mwano. Ndiye anaomba m'manja mwaulemu n'kuyamba kulankhula ndi galu.

Ine ndimafika ndi mtsuko pamutu, ndinapeza msonkhano umenewo uli mkati.

"Galu iwe," anali kutero, mawu ali pansipansi, "ukanakhala munthu, ukanauza akuluakulu amene ali m'katimo kuti kunja kuno kuli kamphepo kabwino."

M'katimo amayi moto anali atauona kale. Mpata wodutsa unalipo, chakukhoma. Koma pakhomo panali mkamwini, ndiye anaphimba nsalu kumaso, akutsokomola, n'kuyankha kudzera kwa galu yemweyo.

"Galu iwe, kauze anthu ena kuti munthu sangatulukire pakhomo pamene pagwada anthu ena. Uwauzenso kuti timadzi tikanathandiza."

Galu anayang'ana uku, anayang'ana uku, n'kuyamba kukanda utitiri.

Nditakweza maso ndinaona utsi ukutulukira padenga, ndipo pakati pa utsiwo ndinaona mano awiri a kapitawo akundisekerera. Ndinamuuza mnyamata wangayo, ndi mawu amene sitinaphunzire kumishoni, kuti ngati akufuna kudzavina paukwati wanga ndi kapitawo, apitirize kucheza ndi galuyo. Kenako ndinalumpha galu, ndinalowa, n'kukhuthulira thobwa lonse pamtengo paja. Thobwa la anthu a mudzi wonse, limene amayi anaphika mpaka msana unapindika. Linachita kuti tswiii, nthambi za m'munsi n'kuzima. Koma nsonga inali itapatsira kale udzu, ndipo ine ndine wamfupi, ngakhale nditakwera pa mtondo sindingafike.

Apo ndi pamene mnyamata wanga anadzuka. Pamwamba pa phiri, chipika chikapulumuka n'kuyamba kugubuduka, ocheka matabwa ali ndi mawu awo ochenjezera anzawo a kumunsi. Mawu amenewo ndi amene anatulutsa.

"Amayi, tulukani!"

Ku Chitakale anamva. Ng'oma inaleka yokha. Amayi anatuluka ngati kamtsikana, analumpha galu osamukhudza, nsalu ikadali kumaso. Iye analowa, anazula mtengo uja n'kuuponya pabwalo, anagwira mtanda wa denga ndi dzanja limodzi n'kulendewera, dzanja linalo likuzula udzu woyaka n'kumagwetsa pansi. Ine pansipo ndikukwirira ndi mchenga wa mumphika uja, kwina ndikupondaponda, mapazi akuterera pathobwa.

Abale amafika, moto unali utatha. Anapeza ine ndili thobwa mpaka m'makutu, mkamwini alibe nsidze ngakhale imodzi, ndipo padenga pali bowo. Ine ndimati njovu ikanalowapo ndi mwana wake, amayi amati linali ngati lichero. Kaya, koma mvula ikanalowa bwinobwino. Mnyamata wanga anali atabwerera kale pamalo pake, atagwada, akuyang'ana nkhokwe, akunjenjemera. Sikuti ankanjenjemera ndi moto ayi. Ankanjenjemera chifukwa walankhula ndi apongozi.

Atsibweni analowa, anayang'ana kumwamba kudzera pabowopo nthawi yaitali ngati akuwerenga mitambo, n'kutuluka. Anati milandu ilipo iwiri. Woyamba, nyumba yobooka si nyumba, udzu kulibe, ndiye tidikira chaka china monga ananenera. Wachiwiri, mkamwini wakuwira apongozi ake ngati akukuwira mbuzi, dziko lonse likumva.

Amayi, anthu onse akuona, anachotsa nsalu kumaso. Anayamba ndi Chilomwe, nkhuku n'kuthamangira m'khola, kenako anatsitsa mawu.

"Achimwene, ine ndinatsala pang'ono kuwotchedwa ngati chinangwa chifukwa cha ulemu, wanga ndi wake womwe. Mwanayu walankhula mochedwa, koma walankhula."

Anapitiriza kuti iwo anatumidwa kudzaona pansi ndi khoma, ndipo pansi pazilidwa bwino, khoma lilibe mng'alu, nyumba aivomera. Za udzu, anati chisakasa chawo chophikiramo chili ndi denga lochindikala, mkamwini akasasule mbali imodzi adzatseke bowolo, iwo aziphikira pakhonde mpaka udzu ukhwime. Za kukuwa, anati abweretse nkhuku, monga amachitira mkamwini ndi apongozi akafuna kuyamba kulonjerana. Zimenezo zimayenera kudikira mwana woyamba, koma moto wafulumiza.

Atsibweni anatsokomola n'kufunsa kuti nkhukuyo adya ndani. Atauzidwa kuti ntchafu zonse ndi zawo, anati mlandu wachiwiriwo sunali waukulu kwenikweni, ndipo woyambawo aona bowo likatsekedwa.

Linatsekedwa masana omwewo. Mnyamata wanga ali padenga, zala zitatupa, abale akumuponyera mitolo ya udzu, onse akudandaula kuti Khirisimasi yopanda thobwa sanaionepo. Mitambo inatsika m'phiri akumanga luzi lomaliza. Mvula imene inagwa ikanatha kumiza tchalitchi, koma m'nyumbamo simunadonthe. Atsibweni anakhala m'katimo mpaka inakata, atatambasula chikhato pansi pa chigambacho, n'kutuluka chili chouma.

Ukwati unadalitsidwa, ndipo ndikulemba izi ndili m'nyumba yomweyo. Mumanunkhirabe mkungudza ndi thobwa, ndipo nyerere zinabwera kuchokera mpaka kutsidya kwa Muloza kudzanyambita pansi. Kachidutswa ka kandulo kamene kanatsala timakayatsa pa phale, pansi, pakatikati, ndipo wotuluka womaliza amazimitsa ndi zala, ngakhale akungopita pakhonde. Pambali pa khomo pamakhala mtsuko wa madzi umene amayi amadzasuzumira m'mawa uliwonse, ukachepa Chilomwe chimayamba. Mwamuna wanga ndinamuuza kuti chikondi chake ndachiona, chinatsala pang'ono kufika kumitambo, ndiye mtengo wina ukafuna kulowa muno uyambe wasanduka mpando.

Kapitawo analeka kutumiza fodya, atsibweni amandiyang'ana ngati ndinawabera. Mwamuna wanga ndi amayi tsopano amalonjerana, maso ali pansi, mawu awiri atatu. Koma nkhani ikakhala yovuta, ngati dzana pamene mbuzi ya amayi inadya chimanga chathu, ndimangoona onse awiri akuyang'anayang'ana pabwalo, kufuna galu.