Chaka Chimene Agogo Monika Anasiya Kupaka Polishi

Fungo limene limandibweretsera agogo anga aakazi, a Monika, ndi la polishi wofiira wopaka pansi, losakanikirana ndi la njereza yonyowa. Loweruka lililonse m'mawa, kwathu ku Khuyu, mudzi wa pachilumba, mipando yonse inkatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango, makatani ankakupiza pachingwe, ndipo ine ndinkagwada pabalaza ndi chiguduli m'manja, kupukuta simenti mpaka nditaona mano anga m'menemo, agogo ataima pakhomo manja m'chiuno, akundilozera ndi chala cha kuphazi pamene ndadumpha.

Ndinakulira kwa iwowo chifukwa mayi anga ankagwira ntchito ku Nkhata Bay. M'nyumbamo tinalimo atatu: ine, agogo Monika ndi amuna awo, agogo Barnaba, amene anathera unyamata wawo akusoka masuti ku Bulawayo. Pobwerera kumudzi anakweza m'sitima kabati yamagalasi, timatebulo ta khofi ndi mpando wa ndalema. Kabatiyo anainyamula pamapewa amuna a m'mudzi kuchokera ku Chipyela, kumene sitima ya pamadzi inkakocheza, ndipo nkhani ya ulendo wake inkakambidwabe ine nditakula.

Agogo aakazi sanali munthu wofatsa. Ankaikonda nyumba yawo, ndipo ankakondanso kuti anthu aione. Mipando ikamabwerera m'nyumba siinkabwerera pomwe inachoka. Tebulo lomwe linali pazenera linkapita pakati, kabati inkasamukira khoma lina, maluwa apulasitiki ankasinthana malo ndi wailesi. "Nyumba ikakhala chimodzimodzi mwezi wonse ndimaona ngati ndikudwala," ankatero. Amayi a m'mudzi ankabwera monamizira kudzapempha mchere, koma maso ali pa tinsalu toluka ta pamipando, ndipo sipankatenga nthawi kuti maluko omwewo aoneke m'nyumba zawo. Agogo ankadandaula kuti akuwabera nzeru, koma tsiku lopanda wobwera ankadandaulanso.

Maso a agogo aamuna anayamba kuchita chidima pang'onopang'ono, iwo osauza munthu. Poyamba ankandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi. Kenako tiyi anayamba kuthirira pambali pa kapu. Atapita kuchipatala, adokotala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, maso akungofa okha. Agogo aakazi anamva, analira, koma Loweruka lotsatira mipando inatuluka monga mwa masiku onse. Sindikuganiza kuti anali ouma mtima. Sanathe kulumikiza zinthu ziwirizo.

Ngozi inachitika Loweruka loti mawa lake ndi Lamulungu la kanjedza. Tinali titangomaliza kulowetsa katundu, pansi pakunyezimira, ine ndili kuseri kuanika chinangwa. Ndinamva phokoso ngati mbale zonse za pachilumba zagwera pamwala. Nditathamangira m'nyumba ndinapeza agogo Barnaba ali pansi. Anapunthwa pa katebulo kamene m'mawa sikanali pamenepo, phazi linaterera papolishi, ndipo mkono unalowa m'galasi la kabati. Magazi ankayenda pasimenti yofiirayo osaoneka bwino, mpaka atafika pamkeka.

"Mayi a Yohana," anatero mwakachetechete kwa agogo aakazi, "kodi nyumba yanga mwaiika kuti?"

Anawasoka mkonowo kuchipatala ku Chipyela. Uthenga utafika ku Mzuzu, amalume anga a Yohana, mwana wawo woyamba, anabwera ndi sitima yotsatira. Anaima pabalaza, anayang'ana timatebulo, miphika ya maluwa ndi kabati yobooka, kenako anakhala pansi.

"Amayi, abambo ndiwatenga. Kwanga kuli chipinda chopanda kanthu, ndipeza munthu wowayang'anira. Muno muwapha."

"Ndiwapha ine? Amene ndinawadikira zaka zonse zija ali ku Bulawayo?"

"Sindikunena inu. Ndikunena katunduyu."

"Katunduyu anagula ndi iwo omwe!"

Agogo aamuna anali pampando wa ndalema, mkono uli m'bandeji. "Yohana," anatero, "kuno ndikamva tambala ndimadziwa kuti ndi wa kwa ndani. Kumtunda kwanuko ndikakhala ngati thumba la ufa. Koma ngati muno simukhalika, ndipita." Amalume anati abweranso sukulu zikatsekera, ndipo akadzapeza bala lina, ngakhale laling'ono, sadzafunsanso munthu.

Sitima itachoka, panapita masiku angapo. Tsiku lina masana agogo aakazi anavula duku, analipinda n'kudzimanga nalo m'maso. "Edesi, khala apo. Usandigwire," anandiuza. Anayamba kuyenda kuchokera kuchipinda. Anagunda bondo pa katebulo, anagwetsa mphika wa maluwa ndi chigongono, anakodwa m'mphepete mwa mkeka, ndipo pofuna khomo lakuseri anakakumbatira khoma. Anatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti mayi wa m'bungwe la amayi a kutchalitchi angawadziwe. Atamasula dukulo anakhala pansi, akusisita bondo.

"Nyumba iyi ndi msampha," anatero. "Ndipo ndautchera ndine."

Timatebulo tija anatigawa kwa abale. Kabati anaikankhira pangodya n'kuikhomera kukhoma, ndipo pomwe panali galasi anapachikapo chitenje. Mpando uliwonse anausankhira malo amodzi, nalemba pansi ndi penti mozungulira miyendo yake kuti tikasesa tiziubwezera pomwepo. Chitini cha polishi chinapita kwa a Edina, mayi woyandikana nafe, ndipo tinakwecha pansi ndi mchenga mpaka simenti inasanduka yotuwa ndi yokhakhala. Tsiku limenelo agogo aakazi sanadye.

Koma munthu wozolowera kukongoletsa sakhala manja lende. Anayamba kukongoletsera manja, mapazi ndi makutu. Anaitanitsa nsungwi kutsidya kwa amalonda a ku Mozambiki, anaipala mpaka inasalala, anaiwaula pamoto kuti ichite mawanga, n'kuikhomera m'mbali mwa khoma kuchokera kuchipinda kufika pakhonde. Pakhomo lililonse anakhomerera pansi choponda chosiyana: mkeka wa mlaza pakhomo la kuchipinda, chiguduli pakhomo lakumaso, kachidutswa ka mphasa pakhomo lakuseri. Kuseriko kunali masitepe, ndiye anandituma kukatola zigoba za nkhono, anaziboola ndi msomali n'kuzitunga m'zingwe zolendewera pakhomopo, kuti wodutsa aliyense azimva phokoso asanatsike. Pakhonde anabzala mpungabwe m'zitini, mbali ya kumpando kwa agogo aamuna, kuti mphuno iziwatsogolera.

Mapilo a pamipando anawasokera maluwa otukuka, a nsalu zopindapinda. Agogo Barnaba, telala wakale, ankawapapasa n'kuyamba kupeza zifukwa.

"Msoko uwu wakhota, mayi a Yohana."

"Si kukhota kumeneko, ndi tsamba."

"Tsamba lake la mtengo wanji?"

Makatani okha ndi amene ankasinthabe, chifukwa sapunthwitsa munthu. Akapachika ena ankawagwiritsa amuna awo nsonga yake kuti anene kuti ndi ati, ndipo iwo ankalakwitsa dala kuti akazi awo akalipe.

A Edina atalowa tsiku lina, anayang'ana uku ndi uku. "Koma a Monika, muno mwakhala ngati mwalowa akuba," anatero akuseka. Agogo anaseka nawo, koma mlendoyo atatuluka anakakhala kukhitchini nthawi yaitali, ndipo anatuluka maso ali ofiira, akunamizira utsi. Amayi aja anasiya kudzapempha mchere.

Sukulu zitatsekera amalume anabweradi. Anafika masana, agogo aamuna akupumula kuchipinda. Atamva mawu a mwana wawo anadzuka, anatsata nsungwi ija ndi nsonga za zala, anadutsa pabalaza osagunda kanthu, n'kuima pachiguduli cha pakhomo lakumaso dzanja lili patsogolo.

"Lowa, Yohana. Chikwama uike kumanzere, kumanja ndi njira yanga."

Amalume anawapinda malaya kuona mikono, anawayang'ana maondo. Panalibe bala. Anakhala nafe mpaka sitima inabweranso, ndipo nkhani ya ku Mzuzu sanaitchule. Asanachoke analimbitsa misomali ya nsungwi ija, nawonjezera ina yopita kuchimbudzi.

Agogo Barnaba anakhala zaka zambiri m'nyumba imeneyo, ndipo anamwalirira pabedi pawo. Nditakula, ndili pabanja, ndinapita kukaona agogo aakazi, n'kuwauza kuti zimene anachita zija zinali zokongola kuposa kabati ndi polishi. Anandiyang'ana ngati ndayankhula zopusa.

"Usandinamize, Edesi. Nyumba ija inaipa. Simenti yotuwa ngati ya m'khola la nkhumba. Tsiku lililonse ndinkaiona n'kumva kuwawa."

"Nanga munapiririranji?"

"Ndikanasankha chiyani? Ndikhale ndekha m'nyumba yonyezimira?"

Lero ndimakhala ku Lilongwe, m'nyumba ya lendi imene ndaikongoletsa ndi mtima wanga wonse, chifukwa nthenda ya agogo ndinaitengera. Apongozi anga aakazi anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo akubwera kudzakhala nafe. Amayenda mokoka phazi. Pabalaza panga panali kapeti yaubweya, yobiriwira, imene ndinaisirira nthawi yaitali m'sitolo ndisanaigule. Sabata yathayi ndinagwada n'kuyamba kuipinda. Amuna anga anandipeza ndili pakati.

"Amayi a Monika," anatero, poti mwana wathu tinamutcha dzina la agogo, "kapeti yanu ija? Sizikukuwawani?"

"Zikundiwawa kwambiri," ndinawayankha. "Gwirani mbali iyo, tikaiike pamwamba pa wadirobu."