Mkazi wa munthu wopanda manda

Ndikamaphunzitsa Chingerezi, pali liwu limene limandiwawa polilemba pabolodi: evidently. Mabuku amati muzu wake ndi liwu la Chilatini lotanthauza kuona, ndipo kale linkanena za chinthu choonekera poyera, chosafuna mtsutso. Lero eni chinenerocho amalitchula ngakhale pa zinthu zongomva. Ine limandikumbutsa achemwali anga.

Alamu anga anapita ku Joni matipate atangoyamba, kusiya achemwali ku Bwanje ndi mwana kumsana komanso munda wa mpunga. Poyamba ankatumiza mabulangete ndi sopo. Kenako zii. Patapita zaka, bambo wina wa ku Nsipe wochokera ku Joni komweko anatsika njinga pakhomo pathu, navula chipewa, nanena kuti alamu anamwalira pa famu ina. Mtembo sanauone. Anamva kwa mnzake, yemwenso anangomva.

Achemwali atayamba kulira, apongozi awo anawaletsa. "Mukulira ndani? Manda ake mwawaona? Musandiphere mwana ndi pakamwa."

Kwathu mkazi wamasiye samasuka mpaka akuchimuna amusudzule. Amalume anapita kukapempha mpaka matayala a njinga kutha, koma yankho linali lomwelo: bweretsani umboni. Umboni tikadautenga kuti, ife amene ngakhale dzina la famuyo sitinkalidziwa? Ena anati tikwirire thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo monga ankachitira akale, apongoziwo anakana kwamtuwagalu. Ndinkadana nawo mayi amenewo, sindibisa. Lero ndimaona kuti nawonso analibe pogwira.

Kenako kunabwera bambo wina wofatsa, wogula mpunga, kudzafunsira achemwali banja. Akumpingo anati mwamuna wa achemwali ali moyo mpaka zoona zitadziwika. Bamboyo anadikira, natopa, nakakwatira ku Lizulu. Achemwali anakalambira m'matope a mpunga, banja alibe, umasiye alibe.

Chaka china kunagwa maliro a bambo wa m'mudzi woyandikana nafe, munthu amene sitinkacheza naye n'komwe. Achemwali analira mpaka kugubuduzika pansi, kuposa mkazi wa malemuyo, anthu n'kuyamba kunong'onezana. Pobwerera ndinawakalipira kuti atichititsa manyazi. Anapukuta m'maso ndi chitenje, nayankha motsitsa mawu.

"Ndisiyeni, achimwene. Ndangobwerekako maliro a eni ake. Anga sadzabwera."