Pemiti Inatsala Pagalasi Langa

Mayi anga atamwalira kumudzi sindinathe kupita kukaika maliro. Ndinali kutsidya kwa nyanja, ku Rotherham, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anzathu anabwera kudzakhala nane m'kafulati kanga, kuimba ndi kupemphera. Pakati pawo panali bambo wina wa ku Hull amene tonse tinkangowatchula kuti achikulire. Anali ndi kagalimoto kotopa, koma Mmalawi aliyense akaferedwa kumpoto kwa dziko lino kankafika ndithu, katadzaza anthu.

Pafulati pathu aliyense anali ndi malo ake oimikapo galimoto, olembedwa nambala. Nditawaona achikulire akuzungulira kusowa poima, ndinathamanga kukachotsa yanga n'kukaisiya kumsewu, iwo n'kuwalowetsa pamalo panga. Kwathu mlendo akafika umamunyamukira pampando, nanga ndikanatani? Chomwe sindinaganize n'chakuti pemiti, kapepala kololeza kuima pamenepo, inapita ndi galimoto yanga, itamatidwa pagalasi.

Potsanzikana tinapeza tikiti yachikasu pagalasi lawo. Kampani yoyang'anira malowo inkafuna ndalama zokwana malipiro anga a masiku awiri. Achikulire anaipinda bwinobwino nanena kuti akalipira mawa lake. Ine ndinapsa mtima. Malo ndi anga, lendi ndimalipira, mlendo ndi wanga, tsono alipirenji? Ndinali ndi chisoni chosowa potulukira, komanso Chingerezi cha kuyunivesite chomwe chinkangochita dzimbiri uku ndikusambitsa nkhalamba. Ndinawalanda tikitiyo m'manja n'kuwauza kuti asapereke ngakhale khobidi, nkhaniyi ndithana nayo ndekha.

"Ngati mwaona choncho, achimwene," anatero motsitsa mawu.

Ndinatenga ngati avomera. Ine wobadwira ndi kukulira ku Malawi, ndinalephera kumva kuti munthu wamkulu, polankhula ndi namfedwa, amakana choncho.

Ndinalembera kampaniyo makalata atatu, iliyonse yaukali kuposa inzake. Ndinkawawerenga mokweza m'khitchini, ndikudzitama ndekha. Yankho silinabwere, ndiye ndinati achita mantha. Osadziwa kuti mayankho ankapita kwa mwini galimoto, ku Hull, ndalama ikukwera, ndipo pamwamba pake panali mawu akuti khoti olembedwa mofiira. Achikulire anali atadikira zaka zambiri yankho la mapepala awo okhalira m'dziko muno. Envelopu iliyonse ikagwa pakhomo, iwo mtima unkaima. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, koma sindinaziphatikize ndi makalata anga. Tikalankhulana pafoni ankangondifunsa za kumudzi, ine ndikuwatsimikizira kuti akampani aja ndawakhaulitsa.

Patapita miyezi kunagwa maliro ena ku Manchester. A ku Hull anafika mochedwa, atatu okha, pasitima. Achikulire panalibe. Akazi awo anandikokera pakhonde n'kundiuza osandiyang'ana kumaso kuti analipira kalekale, katatu kuposa poyamba paja, ndipo kuti ndalamazo zipezeke anagulitsa galimoto. Akuti bambo anali atasiya kugona, poopa kuti dzina lawo likangofika kukhoti ndiye kuti mapepala apita. Bambowo anawaletsa mayiwo kundiuza chifukwa ndinali ndikadali pachisoni.

Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo mpaka lero amandigwirabe. Loweruka lotsatira ndinapita ku Hull ndi envelopu ya ndalama m'thumba, mawu opepesa nditawakonza njira yonse. Nditangolowa, achikulire ananyamuka pampando wawo wa pafupi ndi hita yotenthetsa m'nyumba n'kundikhazikapo, iwo n'kukhala pakampando kolimba ka m'khitchini. Ndinayamba kufotokoza, koma anandidula mwaulemu. Envelopuyo anaikankhira pang'onopang'ono kubwerera kwa ine, nati munthu salipiritsa namfedwa chifukwa chobwera kudzamupepesa.

Tinamwa tiyi, tikukamba za mvula ya kwathu. Kenako anasuzumira pazenera.

"Galimoto yanu ija mwaimika bwino, achimwene? Ngati mukukayika ilowetseni pamalo pangapa. Palibe chilipo tsopano."

Sankandiseka ayi, ankandisamala ndithu. Ndinatuluka kukaisuntha, chifukwa kuwakananso sindikanatha. Pansi pamalopo panali padakali banga la oyilo wa kagalimoto kaja, ndipo ndinakhala kanthawi m'galimoto ndisanathe kubwereranso m'nyumba.