Paiki Imene Amalume Anabweza M'madzi

Amalume anali ndi kachitini ka mabisiketi kodzaza nyambo za pulasitiki, zofewa ngati lilime, zonunkha labala. N'kuti tangofika kumene ku Woolwich, kudziko la azungu. Amayi ankagwira unesi, amalume ankagona pa sofa, opanda ntchito, opanda mapepala okhalira m'dzikolo. Chilichonse chimene ankadya chinali cha amayi. Munthu wamkulu kudyetsedwa ndi mlongo wake, kaya, panopa m'pamene ndimamva kuwawa kwake.

Nyengo yozizira yonseyo, Loweruka likafika tinkakwera basi kupita kudamu. Ankafuna paiki, chinsomba cha mano ngati a galu. Ankati tsiku lina adzaiika patebulo, amayi adzadyeko za manja awo.

Vuto linali kusankha nyambo. Ina inali ya mchira wophwatalala, yogwedeza madzi mwamphamvu. Ina ya mchira wopiringizika, yoyenda mwaulesi ngati nyongolotsi. Ankazitembenuza m'zala zochita dzanzi, mphuno ikuchucha. "Madzi akazizira nsomba imachita ulesi, mphwanga," ankatero, komabe n'kumangirira yophwatalala ija, poti inali yokongola. Masabata ankatha osagwira kanthu.

Tsiku lina anatopa. "Sankha iwe." Ndinaloza yopiringizika, yoyera. Anaikoka pang'onopang'ono m'mbali mwa bango, ndodo n'kupindika. Inali paiki, yaitali kuposa mkono wanga, yobiriwira, yamawangamawanga. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, n'kutulutsa jumbo m'thumba.

Mzungu wina amene ankawedza chapafupi anabwera. Sanakalipe ayi. Anangoti padamu limenelo nsomba amazibweza, satenga, ndipo tikakana aitana woyang'anira. Ife tikanadziwa bwanji kuti kuli anthu owedza zongosewera? Ndipo woyang'anirayo akanafunsa dzina, kenako n'kufunsa zina. Amalume anagwada m'matope, n'kuitsitsira nsomba ija m'madzi ndi manja awiri, akunena "sorry, sir" kwa munthu wamng'ono kwa iwo.

Tinapeza amayi atangoweruka, akuvula nsapato.

"Lero bwanji, achimwene?"

"Palibe."

"Bodza! Tinagwira yaikulu chonchi!" ndinakuwa ine.

Amalume anayang'ana pansi. "Akulota mwana uyu."

Kudamu sitinapitenso, ndipo ndinawakwiyira mpaka kuzizira kunatha. Ine ndinkangoona zoti andisandutsa wabodza pamaso pa amayi. Sindinkadziwa kuti kwa iwo kunena kuti alephera kunali kopepuka kusiyana ndi kunena kuti anagwada.