Funso Limene Linandichotsetsa Dzina

Diresi loyera linkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, litakutidwa ndi chitenje kuti fumbi lisalifikire. Inali nyengo yokolola mtedza kwathu ku Mavwere, nyumba yonse ikununkhira dothi ndi makoko, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi, ndikudikira kulandira Ukaristia koyamba. Amayi analisoka pamanja diresilo, n'kundichenjeza kuti ndikangolikhudza ndi zala zanga zakumundazo ndiona polekera.

Vuto langa linali pakamwa. Kusukulu aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti nyenyezi ndi madzuwa akutali, ndipo mwina kwinakwake kuli dziko lina lokhala ndi zamoyo. Loweruka lake ku katekisimu ndinakweza dzanja n'kufunsa a Mbewe, akatekisiti athu, ngati Yesu anaferanso anthu a kumeneko. Anzanga anaseka. A Mbewe sanaseke. Anati mwana wokayika sangayandikire guwa, ndipo dzina langa analichotsa pamndandanda wa odzalandira mpaka ansembe adzagamule okha. Sabata yonse ndinkathothola mtedza misozi ili m'maso, ndikuopa ngakhale kuyang'ana kuseri kwa chitseko. Amayi sanandimenye, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa ndodo.

Ansembe anabwera panjinga yamoto kuchokera cha ku Kachebere kudzatiyesa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, pambali pa lichero la mtedza limene akhristu anawakonzera. Atamva mlandu wanga anatola khoko limodzi.

"Mtedza uwu uli m'nthaka, unkadziwa kuti phando linalo lilinso ndi mtedza?"

"Ayi, Bambo."

"Koma mwini munda ankadziwa. Ngati zamoyozo ziliko, anazilenga ndi yemweyo. Za mmene amazipulumutsira, sindikudziwa, mwanawe. Ku Roma kuli ansembe anzanga amene ntchito yawo n'kuyang'ana nyenyezi ndi makina, ndipo nawonso akufunsabe."

Kenako anauza a Mbewe kuti abwezere dzina langa, poti safunsa anadya phula.

Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu, wovala mkanjo, akunena kuti sakudziwa pamaso pa ana, wopanda manyazi m'pang'ono pomwe. Mawu amenewo ndi amene anandisunga mumpingo, ndipo lero ndimawanenanso kwa ana amene ndimawaphunzitsa sayansi popanda mantha. Diresi lija ndinalivala Lamlungu lotsatira, ndipo linatha kalekale atalivalanso ang'ono anga awiri. Funso lija ndikadali nalo, ndipo ndimapita nalo kuguwa Lamlungu lililonse.