A Osman ndi Mpira Woponyedwa Mwaulemu

A Osman Maulidi anabwera kudzachita lendi m'nyumba yanga ya kuseri, kuno ku Katoto, patatha chaka bambo a kunyumba atamwalira. Anachokera ku Limbe. Katundu wawo anali sutikesi imodzi, chikwama chachitali, ndi chimkeka chokulunga chimene anachitsitsa pa lole amuna atatu. Poti iwo ndi Msilamu, ndinaganiza kuti ndi mkeka wopempherera, ndipo ndinadabwa kuti munthu mmodzi angafune wautali choncho. Anaseka pang'ono n'kundiuza kuti ndi wa kiriketi. Amauyala pakati pa bwalo kuti mpira uzidumpha bwino.

Ali ndi kasitolo ka nsalu, ulusi ndi mabatani pafupi ndi msika. Akazi awo, a Lehema, anabwera kamodzi m'mwezi wa Juni, anakhala milungu itatu akutsokomola, n'kubwerera. Ukwatiwo unatha pang'onopang'ono, popanda phokoso. Ana awo awiri ali kwa mayi awo, amaimba foni pa Idi. Kuno a Osman alibe mbale. Chimene ali nacho ndi timu.

Timuyo anaiyambitsa okha. Atafika anapeza kuti anyamata ambiri sanaonepo n'komwe bati, thabwa lija lomenyera mpira. Anasonkhanitsa ophunzira ochita lendi ku Luwinga ndi anyamata ena a ku Zolozolo, n'kuyamba kuwaphunzitsa kagwiridwe ka mpira. Tsopano ena mwa iwo ndi abambo a mabanja, koma onse amawatchulabe kuti akulu. Kuyambira tsiku loyamba kaputeni ndi iwo. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti amakhala pakhonde ndi pepala, kulemba mayina khumi ndi limodzi a amene asewere Loweruka. Kwa zaka zisanu ndi zitatu dzina loyamba papepalapo linali lawo, chifukwa ndiwo ankayamba kumenya.

Ine kiriketi sindimaidziwa bwino. Zimene ndikudziwa anandifotokozera iwo tikuyanika mkeka uja pampanda wanga, poti mvula ya mawawa ya kuno imaunyowetsa kawirikawiri. Woponya amafuna kugwetsa timitengo titatu tozikidwa pansi. Womenya amaima patsogolo pake kutiteteza, ndipo akamenya mpira n'kuthamanga amapeza marani, zigoli za masewerawa. Timitengo tikagwa, kapena mpira umene wamenya ukagwidwa usanagwe pansi, watuluka, ndipo tsiku limenelo samenyanso. Ndinawauza kuti masewera amenewo alibe chikhululuko. Anati n'chifukwa chake amawakonda.

Mmene asewerera ndinkadziwira pa chingwe choyanikira zovala. Akamenya nthawi yaitali, thalauzi lawo loyera linkabwera lofiira ndi dothi, ndipo Lamulungu ndikamapita ku tchalitchi ndinkawasiya akulichapa akung'ung'udza nyimbo. Chaka chatha thalauzilo linayamba kubwera loyera monga linapitira. Ankangolipinda n'kuliika.

Masewera asanu ndi awiri otsatizana anapeza marani khumi ndi limodzi basi. Kanayi anatuluka ndi ziro. Anapaka bati yawo mafuta, anasintha mphira wa pa chogwirira, anasiya tiyi wa m'mawa tsiku la masewera. Palibe chinasintha.

"Chimene sindikumvetsa, mayi, n'chakuti Lachitatu pokonzekera ndikumenya bwino," anandiuza tsiku lina. "Mpira ndikumauona bwinobwino. Koma likafika Loweruka ngati wina wandisinthira manja."

Ndinati ndiwapempherera. Anathokoza, ndipo sanandifunse kuti m'dzina la ndani.

Lachinayi lina ndikuchokera ku Umanyano, umene kwathu ku Zomba timati Mvano, ndinapeza anyamata awiri akundidikira pageti. Wina anali Chawanangwa, amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale, wachiwiri kwa kaputeni. Wina anali Gomezgani, mnyamata wamtali wa ku Zolozolo, amene amaponya mwamphamvu kuposa onse. Anasankha dala nthawi imene a Osman amakhala ku sitolo. Ndinawatulutsira mipando, koma Gomezgani anakhala pa sitepe.

"Monire, amama," anatero Chawanangwa. "Tabwera ndi nkhani yoti ife sitingainyamule."

Anati Loweruka la sabata ya mawa kukubwera timu ya ku Lilongwe, masewera aakulu a chaka chonse. Anati pali Fyson, amene akumenya bwino kwambiri, koma amangokhala panja chifukwa malo ndi khumi ndi amodzi. Anati timu yonse yakambirana, ndipo akuona kuti akulu apume.

"Nanga bwanji osawauza nokha?" ndinafunsa.

"Ife?" anatero Chawanangwa. "Amama, papepala amalemba ndi iwo. Mkeka ndi wawo. Ineyo anandiphunzitsa kuvala zoteteza miyendo nditavala mozondotsa. Mwana sauza wamkulu kuti khalani pansi. Zimenezi zimafuna munthu wamkulu mnzawo."

"Koma iwo akuti Lachitatu amamenya bwino."

Anayang'anizana. Gomezgani anayamba kukanda sitepe ndi kamtengo.

"Uwauze iwe," anatero Chawanangwa. "Unayambitsa ndiwe."

"Sindinayambitse ndekha, nonse munatsatira." Gomezgani sanadzutse mutu. "Amama, chaka cha dzana ndinawamenya ndi mpira m'nthiti. Anakhala pansi osapuma bwino. Ine ndinachita manyazi chomene. Kuyambira pamenepo ndikamawaponyera ndimachepetsa. Ena ataona nawonso anayamba kuchepetsa. Timawaponyera mwaulemu. Tsono timu zina sizidziwa kuti ndi akulu athu."

Ndinawauza kuti ndamva. Sindinalonjeze kanthu. Anathokoza kuti yewo n'kunyamuka.

Nkhaniyo ndinakhala nayo masiku asanu. Ine si munthu wolankhula, ndipo a Osman ndi ine takhala bwino zaka zonsezi chifukwa aliyense salowerera za mnzake. Ndinkawaona m'mawa akukankha njinga kutuluka pageti, ndipo ndinkangowasiya apite. Koma chimene Gomezgani ananena ndinkachidziwa. Bambo a kunyumba atamwalira, anthu anayamba kundilankhula motsitsa mawu. Ndikalowa, nthabwala zinkatha. Palibe amene ankanditsutsa, ngakhale ndikalakwa poyera. Onse ankandifunira zabwino, koma sindinakhalepo ndekha monga m'miyezi imeneyo.

Lachitatu m'mawa kunacha ndi dzuwa, ndipo tinatulutsa mkeka kuti uume. Iwo anagwira mbali ina, ine mbali ina. Ndinaganiza kuti zoti apume sindinena, poti si ine woweruza. Ndinena chokhacho chimene iwo sakuchidziwa.

"A Osman, anyamata anu anabwera."

"Ndinaona mapazi a Gomezgani pasitepe. Palibe wina wovala nsapato zazikulu choncho."

"Akuti Lachitatu sakuponyerani ndi mphamvu zawo zonse. Akuti amachepetsa, chifukwa cha ulemu."

Anawongola ngodya ya mkeka imene inali yowongoka kale.

"Kuyambira liti?"

"Akuti kuyambira tsiku la nthiti lija."

"Zaka ziwiri." Anayang'ana manja awo. "Onse?"

"Akuti onse."

"Ananenanso china?"

"Ananena. Koma ndikuona kuti mwachidziwa kale."

Anagwedeza mutu. Atafika pakhomo pawo anatembenuka. "Mayi, madzulo ano mubwere ku bwalo. Ndikufuna pakhale munthu mmodzi amene sandiopa."

Aka kanali koyamba ine kupitako. Bwalo lake ndi la mpira wamiyendo, lotsetsereka mbali imodzi, ndipo mbuzi zinkadya m'mphepete. Ndinayala chitenje pa udzu n'kukhala. Anyamata atandiona anasiya kuseka.

A Osman anavala zoteteza miyendo ndi chisoti, n'kukaima patsogolo pa timitengo. Anaitana Gomezgani.

"Mipira isanu ndi umodzi. Undiponyere ngati sundidziwa."

"Akulu, ine nthawi zonse..."

"Gomezgani, mayi ali apo ndi munthu wopemphera. Usaname pamaso pawo."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Gomezgani anabwerera m'mbuyo kutali, kutali kuposa mmene ndinkaganizira, mpaka pafupi ndi mbuzi. Kenaka anathamanga.

Mpira woyamba sindinauone. Ndinangomva ukugwera m'manja mwa amene anaima kumbuyo, a Osman asanatsitse n'komwe bati. Wachiwiri unazula kamtengo kapakati n'kukaponya patali. A Osman anapita okha kukatola, n'kukazikanso.

"Imeneyo ndi iwiri. Bwera."

Wachitatu unawamenya pantchafu. Anadumpha ndi mwendo umodzi, ndipo Gomezgani anayamba kuthamangira kwa iwo.

"Bwerera. Ukandipepesa ndikuchotsa m'timu."

Wachinayi unangokhudza m'mphepete mwa bati n'kugwidwa. Wachisanu unagwetsanso timitengo. Wachisanu ndi chimodzi anaumenya. Phokoso lake linali losiyana, lomveka bwino ngati nkhwangwa yalowa pamalo pake, ndipo mpira unayenda pansi mpaka kupitirira pamene ndinakhala. Anyamata anaomba m'manja kwambiri, mopitirira muyezo. A Osman anawadikira kuti amalize.

"Umodzi pa isanu ndi umodzi," anatero. "Ndipo ndinali nditatuluka kale katatu."

Chawanangwa anayandikira, chipewa chili m'manja. "Akulu, pali njira ina. Mukhalebe kaputeni, koma muzimenya kumapeto. Nzeru zanu tikuzifuna pabwalo."

"Ndiye Fyson azikhalabe panja kuti ine ndikabisale kumapeto?" Anavula chisoti. Tsitsi lawo linali litanyowa, ndipo ndinaona kuti imvi zachuluka. "Mukanandiuza kale, mwina ndikanakonza. Zaka ziwiri ndakhala ndikukonzekera masewera amene kulibe."

Sanakalipe. Anyamata anayang'ana pansi. Tinabwerera limodzi, iwo akukankha njinga motsimphina, ine pambali.

Lachisanu atachoka ku mzikiti anakhala pakhonde ndi pepala monga mwa masiku onse. Ndinali ndikusankha nyemba pakhonde langa, ndipo ndinkawaona. Anayamba kulemba pa nambala yachiwiri, n'kutsika mpaka pansi. Mzere woyamba unatsala wopanda kanthu kwa nthawi yaitali. Dzuwa linachoka pakhonde pawo n'kufika pa mpanda. Kenaka analemba, napinda pepala, n'kubwera nalo kwa ine.

"Chawanangwa abwera kudzatenga. Mumupatse inu. Anadzera kwa inu, yankho lidzerenso kwa inu."

Sindinalitsegule. Chawanangwa analitsegula pamaso panga. Pamwamba panali dzina la Fyson, ndipo pafupi ndi dzina lake la iye mwini panalembedwa kuti kaputeni. Anawerenga mayina onse kawiri, ngati akufuna lina. Anayang'ana chitseko cha a Osman, chimene chinali chotseka, koma sanapite kukagogoda.

Loweruka m'mawa anyamata anayi anabwera kudzanyamula mkeka. A Osman anawathandiza kuukweza, anawauza kuti akhomere bwino ngodya yong'ambika, kenaka anapita kukatsegula sitolo. Kanali koyamba kuwaona atavala zovala za masiku onse Loweruka la nyengo ya kiriketi. Timu inagonja kwa a ku Lilongwe. Fyson anapeza marani makumi atatu ndi mphambu zinayi. Alipo amene amati akulu akanakhalapo sakanagonja, alipo amene amati akanagonja msanga. Ine sindingaweruze.

Papita miyezi khumi. Lachitatu a Osman amapitabe kokonzekera, ndipo tsopano anyamata amawaponyera zenizeni. Amabwera ndi mabala m'ntchafu ndi m'mikono, ndipo ndimawawiritsira madzi othowera. Akuti masiku ena amamenya iwiri pa isanu ndi umodzi, masiku ena itatu. Pepala amalemba Chawanangwa, ndipo dzina lawo silinabwererepo. Iwo sanapemphe.

Loweruka amatseka sitolo masana, poti makasitomala awo anazolowera kuti tsikulo sakhalapo. Ku bwalo sapita. Akuti akaima kumeneko Chawanangwa azingoyang'ana kwa iwo asanalamule chilichonse. Amakhala pakhonde pawo, bati ili pamiyendo, akuipaka mafuta ndi kansalu. Ine ndimakhala pakhonde langa ndi Baibulo. Pakati pathu pali chingwe choyanikira, chopanda zovala zoyera. Madzulo timamva mawu a anyamata pageti akubweza mkeka, ndipo a Osman amaika bati pansi n'kunyamuka kukagwira mbali yawo.