Thumba la nandolo la Abiti Juma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira. Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Mbulumbuzi, ndipo inali nyengo yokolola nandolo wouma. Pamaliro sindinalire. Anthu ankati ndine wolimba mtima, koma sikunali kulimba mtima. Nsagwada zinali zitagwirana, khosi lili gwa, m'chifuwa muli ngati mwamangidwa ndi luzi.

Amayi aang'ono ndiwo ananditenga. Lachinayi lililonse amayi a limana, gulu la Akatolika a m'mudzi mwathu, ankabwera kudzapempherera mzimu wa malemu. Tikatha korona, mtsogoleri ankati tikhale chete pang'ono, tisinkhesinkhe. Onse ankaweramitsa mitu n'kungoti zii, kupatula ine. Mwendo unkanjenjemera wokha, mano ndikukukuta, zala zikusolola mlaza wa mkeka. Amayi aang'ono ankanditsina pantchafu, koma sizinkathandiza. Tsiku lina ndinadzambatuka anthu ali chete, n'kugubuduza botolo la madzi odalitsa.

"Iwe Estere, umenewu ndi mwano," anatero amayi aang'ono alendo atapita. "Lachinayi likubwerali ndi lomaliza. Ukayambanso, ukakhala kunja ndi mbuzi. Mayi ako tiwapempherera tokha."

Mawuwo anandilasa. Pemphero limenelo ndi chokhacho chimene chinatsala choti ndiwachitire amayi.

Lachitatu masana ndinkachokera ku mjigo, diresi ili yonyowa chifukwa theka la madzi linali litatayikira panjira. Ndinadutsa pakhomo pa Abiti Juma, mayi wachisilamu amene chaka ndi chaka ankapuntha nandolo limodzi ndi amayi anga.

"Wasambiratu panjira?" anandifunsa. "Mayi ako ankasenza ndowa osaigwira. Tula, bwera kuno."

Anandigwira kumbuyo kwa khosi n'kupukusa mutu. Anakoka thumba lodzaza makoko a nandolo, lomanga kukamwa, n'kundipatsa ndodo.

Ndinayamba kumenya pang'onopang'ono.

"Ukugoneka mwana kodi? Nandoloyu alibe m'bale wake pano. Menya!"

Ndinamenya. Makoko ankathetheka m'thumbamo, fumbi lake loyabwa likulowa m'mphuno ndi m'maso. Ndinamenya mpaka mapewa anatentha, thukuta likuyenderera kumsana. Kenaka pakhosi panatuluka mawu amene sindinawakonzekere. Ndinakuwa kuti "Amayi!" ndodo ili m'mwamba, ndipo misozi ya milungu isanu inabwera nthawi imodzi. Abiti Juma sananditonthoze. Anapitiriza kupeta ndi lichero lawo, n'kungoloza ndi mlomo.

"Usasiye. Mbali iyo sinaphwanyike."

Manja atalephera kunyamula ndodo, Abiti Juma anatunga madzi a mu ndowa yanga yomwe. Anandisambitsa m'manja, kumaso, kumbuyo kwa khosi ndi kumapazi, monga ankachitira iwo asanaswali.

"Usaope, sindikukulowetsa Chisilamu. Amayi ako aang'ono angandidye wamoyo."

Ndinaseka, koyamba chimwalirireni amayi. Anandikhazika pamthunzi wa mango. Anati ndilekanitse mano, lilime ligone pansi, manja ndiike pamaondo osafumbata, ndipo nditulutse mpweya wonse ndisanakoke wina. Ndinachita zimenezo kangapo. Luzi lija la m'chifuwa linamasuka.

"Kwa Mulungu sitilowa ndowa ili pamutu," anatero. "Timayamba tatula. Mawa m'mawa ubwerenso, thumba lina lilipo."

Ndinapita, ndinapuntha, ndinasamba. Madzulo ake amayi a limana anafika. Titatha korona ndinalekanitsa mano, n'kutulutsa mpweya. Ndinamva mbuzi kuseri kwa nyumba ndi belu la njinga kumsewu, ndipo mwendo unangokhala phee. Ndinawaona amayi mumtima mwanga atakhala pakhonde akusenda nandolo wamuwisi, ndipo ndinawapempherera mpaka pamapeto. Dzanja la amayi aang'ono linabwera pantchafu panga mwachizolowezi, zala zitakonzekera kutsina. Linangogona pomwepo osachoka.

Chaka chatha bambo a ana anga anamwalira. Nsagwada zinagwirananso. Kwa milungu iwiri ndinkagwira korona, mawu akutuluka pakamwa koma mtima uli kwina. Inali nyengo ya mvula, nandolo akadali wamfupi m'munda, choncho ndinatenga bulangete lawo kupita nalo kumtsinje. Ndinalimenyetsa pamwala mpaka manja anachita dzanzi, ndinalira mpaka mawu anasasa. Kenaka ndinasamba kumaso ndi kukhosi, n'kukhala pamwala womwewo manja ali pamaondo. Pamenepo m'pamene ndinatha kuwapereka kwa Mulungu.

Sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndipo mayina a zinthu zimenezi sindiwadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti chisoni sichikhala mumtima mokha. Chimakhala m'mano, m'khosi, m'miyendo, ndipo chikapanda kutuluka kumeneko, munthu sangakhale chete ngakhale atafunitsitsa. Lero ndine ndimatsogolera limana lathu. Mwana wamasiye akamatakataka pamkeka nthawi yosinkhasinkha, sindimutsina. Ndimamugwira kumbuyo kwa khosi, ndipo ndikapeza kuli gwa, ndimamuuza kuti mawa m'mawa abwere kwathu, kuli nandolo wofunika kupuntha.